Chigamba cha Pamsana

Ine Asiyatu, telala wa pakhonde la sitolo ya a Kalonga
pamsika wa Nkhotakota,
ndasoka zigamba zaka zisanu ndi zinayi:
pamatako a yunifolomu, pamawondo a anyamata a kabaza,
m'khwapa mwa malaya a aphunzitsi mwezi ukatalika.
Sindinkadziwa kuti tsiku lina
chigamba adzachiika pa ine.

Sumaila anabadwa Lachitatu, makilo anayi.
Anamwino anaseka: "Mwabereka nduna!"
Nduna inatuluka, koma mpando wake inausiya
apa, m'munsi mwa msana, pomwe chitenje chimazungulira,
ndipo mpandowo unali wa misomali.

Kutola thewera pansi unasanduka ulendo.
Ndowa ndinkaizemba ngati munthu amene ndili naye ngongole.
Makina anachita dzimbiri pachopondera
poti ndikaponda kawiri, msana unkayankha katatu.
Apongozi anati ndi mphepo ya m'chikuta.
Anzanga kumjigo anati tonse timatero, umangozolowera.
Bambo ake a Sumaila anagula mafuta otentha
kwa mnyamata wa m'minibasi ya ku Dwangwa.
Ndinanunkha sabata yathunthu, ululu uli phee pamalo pake.

Kuchipatala, ukapitirira sikelo ya ana,
kuli kachipinda ka matiresi a buluu.
Mayi Msosa sanalembe mapiritsi.
"Weramani. Imirirani. Apa? Nanga apa?"
Kenaka anatulutsa mpukutu wa tepi ya pinki,
anadula ndi sizasi yobuntha, ine ndinangougwira mtima,
koma atayamba kuzunguliza makona
ndinadziwa kuti uyu ndi mmisiri mnzanga:
kona yakuthwa ndiyo imayamba kumatuka.
Mizere iwiri yotsika m'mbali mwa fupa, umodzi wopingasa.
Anaikoka monga timakokera lasitiki ya siketi,
osathinitsa, osalekerera.

"Tepiyi ndi chala chokukumbutsani," anatero.
"Ntchito yeniyeni ndi yanu."

Ndiye m'bandakucha, mawu a kumzikiti akangotha,
ndimagona chagada pamkeka, mawondo m'mwamba,
kukokera mchombo m'kati kuti ukapereke moni kumsana.
Kupuma. Kuwerenga mpaka khumi.
Kukweza chiuno chikhale mlatho wa Kaombe,
kuchitsitsa mwaulemu, fupa limodzilimodzi.
Kenaka manja pansi, mawondo pansi,
msana kuutukumula ngati mphaka waona galu,
kuubweza ngati mphaka wakhuta.
Mwanaisha wanga anandipeza ndili choncho:
"Amayi, mukufuna muyambe kukwawa Sumaila asanayambe?"
Ndinaseka mpaka tepi inanditsina.

Masiku ena ndinkajomba, ndisaname.
Mwana akalira mpaka tambala wachiwiri
mkeka unkakhala chipindire pakona.
Tepinso ndi thukuta la kuno sizimwerana madzi:
masiku atatu, yayamba kale kufutuka m'mphepete
ngati mpendero wa telala waphuma.
Ndinkabwerera. Ankamata ina.
Ankafunsa, "Mlatho mwamanga kangati?"
Ine maso padenga.

Sabata yachisanu ndi chimodzi anamatula osamatanso.
Mwanaisha anati pakhungu patsala mizere yoyererako,
ngati pakhoma pomwe panali kalendala.
Ine sindinaione. Msana ndi nsalu yokhayo
imene telala sangaiyale patebulo.

Dzulo ndabwerera pakhonde.
Ndathira oyilo pachopondera,
kamtsamiro ka zidutswa kumbuyo kwa mpando,
Sumaila m'manja mwa a Kalonga akukoka ndevu.
Diresi lililonse likatha ndimadzuka,
kukafika pa ogulitsa chinangwa ndi kubwerako.
Ululu sunasamuke, ayi.
Umabwera cha m'ma folo koloko
ngati kasitomala wongofunsa mtengo,
kugwiragwira nsalu, n'kumapita.

Woyamba kufika anali Twaibu wa kabaza,
buluku lake litaseka pabondo.
Ndinadula chigamba.
Ndinazunguliza makona onse anayi,
iye akudandaula kuti ndikumuchedwetsa.